Beseni la Salome

Tsiku limene akuchikazi ananena kuti abwera kudzawasudzula, a Feston Muhiwa analawirira kuboola limu ya njinga. Mkazi wawo Salome anali atamwalira miyezi inayi yapitayo, ndipo lero abale ake ankabwera kudzatenga katundu wake ndi kumasula mwamunayo kuti akafuna akwatirenso. Wina akanasesa pabwalo, akanabwereka mipando kwa aneba, mwinanso akanameta ndevu. Iwo ayi. Anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Bangwe, chidutswa cha njanji pakati pa miyendo, msomali uku hamala uku, n'kumakhoma ngati palibe chimene chikubwera. Aneba anazolowera kalekale. Ukayandikana ndi wokhoma zidebe, tambala safunika.

Komatu tsiku limeneli sankakhoma ndowa kapena mbaula zokagulitsa kumsika. Ankapanga khosi la loboti. Sindikunena maloboti a pamsewu ayi, ndikunena loboti ya m'filimu, imene inali itaima pakona pa khondelo itafunditsidwa chitenje, msinkhu wake wolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Nkhani ya loboti imeneyi inayamba kale, mu 1994. A Feston, ali mnyamata wa tsitsi lonse, anatenga mtsikana wina wa ku Chiradzulu, Salome yemweyo, kukaonera vidiyo m'kachisakasa ka kuseri kwa msika. Dzina la filimuyo sanalidziwe, poti mwini vidiyo anangolemba ndi choko pachitseko kuti NKHONDO YOKHAYOKHA. Inalidi nkhondo yokhayokha, koma awiriwa maso awo anakodwa pa kaloboti kena kakafupi, ka thupi ngati mgolo, kamene kankatsata nkhalamba ina katanyamula nyale. Nkhalambayo ikaitana, thupi la kalobotiko linkangoti duu. Mutu wokha ndiwo unkazungulira pang'onopang'ono mpaka maso ataloza kochokera mawu. Salome anaseka mpaka kugwira m'mimba. Magetsi anathima filimu isanathe, mathero ake sanawaone, ndipo chaka chotsatira anamanga banja.

Patadutsa zaka pafupifupi makumi atatu, Salome, amene tsopano ankagulitsa mandasi pamsika wa Bangwe, anakapeza kaloboti kaja pafoni. Si chithunzi chokha ayi. Anapeza gulu lonse la anthu akunja, azibambo a imvi ndi azimayi omwe, amene akaweruka kuntchito amatanganidwa ndi kupanga kaloboti komweko m'magalaja mwawo, n'kumagawana miyeso ndi zithunzi.

"Taonani, a Muhiwa," anatero Salome, foni ili pamphuno pa mwamuna wake. "Awatu ndi anthu a m'maofesi, a manja ofewa. Inu wokhoma zidebe wa Bangwe yense akupambaneni amenewa?"

Basi, moto unabuka pamenepo. Anzawo akunjawo zipangizo amachita kuitanitsa, zimabwera m'makatoni zitapukutidwa kale. A Feston fakitale yawo inali milu ya zitsulo zakutha ya ku Limbe ndi chidutswa cha njanji chija. Thupi anadula mgolo. Matayala anazula ku wilibala ziwiri zakufa. Dzanja lonyamula nyale anapinda mwendo wa tebulo lositira. Maso, limodzi linali galasi la nyale ya njinga yamoto, linalo la tochi, chifukwa m'filimu muja diso lina linali lalikulu kuposa linzake. Salome, amene sukulu anapita nayo patali kuposa iwo, ankakhala pakhomo n'kumawerenga mainchesi pafoni, iwo n'kumalemba ndi msomali pamalata. Chinthu chikakana kulowa ankakangana ngati ana, wina kuti wawerenga molakwa, wina kuti makutu anu anatha ndi hamala.

Chimene chinawaimitsa mutu chinali mutu womwewo wa lobotiyo. Umafunika ukhale wobulungira bwinobwino ngati theka la dzira, wopanda msoko. Anayesa malata, anakwinyika. Anayesa dishi ya kanema yakutha, inali yaphwatalala, loboti n'kumaoneka ngati yavala chipewa cha kumunda. Miyezi itatu inatha chomwecho. A Feston anayamba kulusa mpaka kumakalipira nkhuku za eni.

Ndiye tsiku lina masana Salome anabwera kuchokera kumsika, anakhuthulira mandasi otsala m'mbale, natenga beseni lake logulitsiramo n'kulivundikira pamgolo paja. Linakhala ngati analipangira pomwepo. A Feston anathamangira tepi, nayeza: mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu, ndendende monga mwa foni. Linali beseni la aluminiyamu yochindikala, la makedzana, osati zamasiku ano zimene ukangoziyetsemulira zapindika.

"Iwe Salo, limenelitu ndi la amayi ako."

"Amayi analipereka kwa ine. Khomani."

Kulikhoma kunatenga masabata asanu. Pansi pa beseni ndi pophwatalala, ndiye pamafunika kupatukula pang'onopang'ono mpaka pabulungire. A Feston anadzaza mchenga m'thumba, nasema hamala yamtengo. Salome ankagwira mlomo wa besenilo n'kumalizunguza pang'ono pang'ono, iwo n'kumamenya cham'kati. Kumenya kwambiri, ling'ambika. Kumenya pang'ono, silimva. Zala za Salome zinatupa, mandasi anayamba kugulitsira mu ndowa ya pulasitiki, koma sanadandaule.

Pansi pa besenilo panali dzina lake, monga amachitira amayi onse kuti chiwiya chikapita kumaliro kapena kuukwati chibwerere kwa mwini. Ndi kumenya kuja pentiyo inagumuka. Mutu utatha, maso ataboola, a Feston ataupukuta mpaka kuwala, Salome anatenga penti yofiira ndi kamtengo n'kulembanso pamwamba penipeni, paliwombo pa loboti: SALOME. Malo anamuthera, E womaliza anachita kupendekeka.

"Beseni ndi langabe, a Muhiwa. Ndangokubwerekani. Tsiku lomwe ndidzaone mutuwu ukutembenuka ngati m'filimu muja, ndidzalitenga."

"Udzaikamo bwanji mandasi lili ndi maso?"

"Zimenezo n'zanga."

M'nyumba imeneyi mwana sanabadwemo. Zaka makumi atatu, zipatala, mapemphero, mizu ya anthu oloza uku ndi uku, koma ayi ndithu. Zinkawawa, onse awiri, ndipo sankazinena. Anthu a pakamwa ponunkha anayamba kunong'ona kuti a Muhiwa atopa kudikira, akhoma mwana wa malata. Salome atazimva pakiyosiki ya madzi anangotula ndowa n'kunena kuti, "Inde, koma wangayo sakuba nkhuku za anthu." Mayi amene anayambitsa nkhaniyo anasintha kiyosiki.

Mu Juni, Salome anadandaula mutu Lachiwiri. Lachisanu anali atapita. Khosi la loboti linali lisanapangidwe, ndipo mutu uja sanauone ukutembenuka.

Cha m'ma eyiti m'mawa wa tsiku losudzulalo anatulukira Albert, mng'ono wawo wa a Feston, dalaivala wa minibasi ya Limbe ndi Bangwe, amene pamwambowu ndiye ankaimira akuchimuna. Anabwera atavala jekete m'kutentha kwa Okutobala, m'manja muli jumbo.

"Mota ya waipa ija ndi iyi, achimwene. Ndazula m'minibasi ina yakufa kugalaja. Koma shuwa mpaka lero? Anthu ali m'njira, inu muli m'kabudula."

"Bweretsa kuno."

Albert anatukula chitenje chija, naona zilembo zofiira, naimba mluzu.

"Alamu anu a Clara mukuwadziwa, achimwene. Kumaliro kuja anafunsa kawiri za beseni limeneli. Tiyeni tichite chonchi. Mutuwu tiuzule, ndikaubise kwanga, mawa mudzautenge. Apo ayi, penti ya siliva ija ilipo, kungoti fwaa kawiri, dzina latha. Angadziwe ndani kuti linali beseni?"

"Ndipake penti padzanja la mkazi wanga?"

"Ndi zilembo chabe."

"Ndiye ndibise ngati ndaba? Pakhomo panga pomwe? Sindinabe kanthu ine. Gwira apa, usiye kulongolola."

Albert anagwira limu ija, koma pakamwa sanatseke. Dalaivala wa minibasi kumuuza kuti akhale chete n'kutaya nthawi.

"Ine ndikungofuna lero zithe bwinobwino. Akusudzuleni, mukhale mfulu. Zaka fifite-folo si ukalamba. Lindiwe wa kukwaya uja, amene mwamuna wake anamwalira chaka chatha, akazi anga anamunong'oneza kale, ndipo sanakane. Ndi mtsikanabe. Mwina Mulungu n'kukukumbukirani, m'nyumba muno n'kumveka mwana akulira."

A Feston anatola sipanala. Tisanamizane, mawuwo anawalasa. Njala ya mwana sinafe pamodzi ndi Salome, ndipo kawiri katatu m'miyezi inayi imeneyi anali ataganizapo za Lindiwe, n'kudzichitira manyazi okha. Analimbitsa nati mpaka sipanala inaterereka n'kuwasupula chala.

Khosilo linali nzeru ya miyezi yonse ya umasiye. Limu ya njinga ya mwana anaimanga pamwamba pa mgolo. Pa limupo anakhomera timatayala tinayi ta sutikesi yakutha, kuti mlomo wa beseni uzikhala pamenepo n'kumayenda mosavuta. Mota ya waipa anaimangirira m'kati, kunsonga kwake kuli katayala kokulungidwa ndi legeni, kuti kazikankha beseni cham'kati. Batire linali la njinga yamoto. Anabwezeretsa mutu, nafunditsanso chitenje. Kutangotsala kugunditsa waya pabatire, pageti panamveka, "Odi kuno!"

Anali a Dominiko, mlongo wake wamkulu wa Salome, mwini mbumba, munthu wofatsa wolankhula ngati akupepesa. Pambuyo pawo panali a Clara, mkulu wake wa Salome, ndi amayi ena awiri atanyamula masaka opanda kanthu. Mwambowu ukanachitikira kumudzi, koma anagwirizana kuti poti katundu ali m'tauni, zonse zithere pamodzi. Aneba nawo, amene palibe anawaitana, mwadzidzidzi onse anapeza zochapa pafupi ndi mpanda.

Anapemphera. Kenaka katundu wa malemu anayamba kutuluka n'kumaunjikidwa pamphasa, monga mwa mwambo wa kwawo: cha mkazi chibwerere kwa eni mkazi. Zovala, zitenje, nsapato za kutchalitchi. Mapoto, mbale, chiwaya cha mandasi. A Clara analowa mpaka kuchipinda n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Mbaula imene a Feston anakhoma ndi manja awo inatuluka, iwo anangoti tengani. Kapu imene ankamwera tiyi inatuluka, anangoti tengani. Mtima unkawawa, koma sanatsutse ngakhale supuni imodzi.

A Clara anauzungulira mulu uja kawiri, manja ali m'chiuno.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndifunsa. Beseni la amayi lili kuti?"

"Linasowa kumaliro kuja," Albert anathamangira kuyankha. "Mukudziwa mmene ziwiya zimasowera pakakhala chinamtindi cha..."

"Khala chete, Albert. Silinasowe," anatero a Feston.

A Feston anaimirira, napita pakona, navundukula chitenje. Anachipinda bwinobwino, poti nachonso chinali cha Salome, n'kuchiika pamulu. Loboti ija inaima poyera, thupi lasiliva, nyale m'dzanja, diso lina lalikulu lina laling'ono, ndipo pamwamba pa mutu wonyezimira pali zilembo zisanu ndi chimodzi zofiira. Kumpanda kuja kuchapa kunaima.

"Mayo ine!" a Clara anagwira kumutu. "Mayo! Beseni la amayi mwaliboola maso? Alamu, mutu wanu ukuyenda bwino? Mukulidziwa beseni limeneli inu? Bambo athu analisenza kuchokera pasiteshoni ya Limbe mpaka kumudzi, akuchokera ku Joni. Achimwene awa anasambira m'menemo. Ine ndinasambira m'menemo. Salome ndinamusambitsiramo ndine, ndi manja awa. Amayi anam'patsa paukwati kuti adzasambitsiremo ana ake. Ana sanabwere. Tinakhala chete zaka zonsezi, sitinanene kanthu. Lero mwini wapita, beseni libwerere kumene kuli ana. Mwana wanga ndi woyembekezera, mwezi wamawa womwewu."

Libwerere kumene kuli ana. Mawu amenewo anawaotcha a Feston mpaka m'mafupa, pamaso pa aneba onse. Ndipo choipa chake n'chakuti a Clara sankanama.

"Silingasunge madzi, alamu. Lili ndi mabowo."

"Si ndinu wokhoma zidebe? Munaliwononga ndinu, mulikonzenso. Zigamba mumaika pa ndowa za anthu tsiku ndi tsiku."

Nazonso zinali zoona. Masiku awiri okha, zigamba ziwiri, hamala yamtengo ija, beseni likanakhalanso beseni. Dzina lija likanagumuka kachiwiri, koma wolilembanso ndiye panalibe.

A Dominiko anatsokomola pang'ono, nakweza dzanja.

"Alamu, tisakwezerane mawu, anthu akutiona. Ine ndifunse chimodzi, mundiyankhe pamaso pa Mulungu. Mlongo wanga beseni limeneli anakupatsani, kapena anakubwerekani? Ngati anakupatsani, nkhani yatha, ife tilibe mawu."

Albert anaponda phazi la mkulu wake, kupondadi kwenikweni. Liwu limodzi lokha! Mboni panalibe, tsiku lija anali awiriwiri pakhonde. Ngakhale a Dominiko, mmene anafunsira, ankaoneka kuti akutsegula khomo dala kuti mlamu wawo atulukire.

"Anandibwereka," anatero a Feston.

Albert anagwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Anati ndi lakebe. Anati tsiku lomwe adzaone mutuwu ukutembenuka, adzalitenga."

"Eya!" a Clara anaomba m'manja kamodzi, natembenukira kumpanda. "Mwamva nonse. Chobwereka chimabwezedwa."

"Chimabwezedwa kwa wobwereketsa. Kwa inu sindinabwereke kanthu, alamu. Tengani mapoto, tengani mbaula, mukafuna kwerani muzule ndi malata a padenga omwe. Koma ichi anachigwira ndi manja ake masabata asanu mpaka zala kutupa, inu muli kwanu. Pangano langa lili ndi iye. Abwere yekha adzatenge."

"Akutinyoza! Achimwene, mukumva? Munthu tinamuika m'manda tonse tikuona, awa akuti abwere!"

A Dominiko sanakweze mawu. Anatola kambale kamodzi pamulu paja, napisa m'thumba la malaya, natulutsa kandalama kachitsulo n'kukaika m'kambalemo. Kanalira ngwee, ndipo aliyense anadziwa kuti afika pachimake pa mwambo.

"Alamu, munakhala naye bwino mlongo wanga. Sanabwerepo kumudzi ndi chotupa kumaso. Atadwala munathamanga naye. Ife tabwera ndi mtima umodzi, kuti tikupatseni kandalama aka m'manja, tinene kuti takusudzulani, pitani mukapeze wokusamalani. Koma mwambo mukuudziwa. Sitisudzula munthu katundu wa malemu ali m'manja mwake. Beseni likatsala, kandalamaka kabwerera m'thumba. Mukatero mukhala mwamuna wa Salome mpaka kalekale, ndipo palibe anthu olongosoka amene angakupatseni mwana wawo."

"Achimwene, chonde," Albert ananong'ona, thukuta lili kamukamu m'jekete muja. "Mutu mudzakhoma wina. Beseni ndikakupezerani ine ku Limbe. Musataye moyo chifukwa cha chidole."

A Feston anayang'ana m'kambale muja. Zonse zinali m'menemo: utsi kukhitchini, munthu woyankha ukati odi pakhomo pako, mwinanso kamwana kokwawa pakhonde n'kumasokoneza misomali. Ankazifuna, ee, ankazifuna ndithu. Kenaka anayang'ana paliwombo pa loboti, pa E wopendekeka uja.

"Alamu, nane ndifunse chimodzi. Anakutumizirani uthenga ndani kuti Feston watopa kukhala mwamuna wa Salome?"

A Feston analoza kambale kaja.

"Bwezani kandalamako m'thumba. Musandisudzule."

Atatero anagwada kuseri kwa mgolo, natenga waya uja n'kumugunditsa pabatire. Khosilo anali asanaliyesepo n'kamodzi komwe, ndipo likanakana, Bangwe yense akanawaseka mpaka Khirisimasi. Mota inang'ung'udza. Legeni inalira tswii. Kenaka mutu uja unanyamuka, pang'onopang'ono, osagwedera, thupi lili duu. Maso anadutsa pa Albert, anadutsa pa a Dominiko, anadutsa pa amayi awiri aja, amene pothawa chafutambuyo wina anagwera m'mapoto. Anadutsa kumpanda, aneba n'kukuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Atafika poloza pakhomo, pamene Salome ankakhala ndi foni yake, a Feston anachotsa waya ndipo mutu unaima.

A Clara okha sanathawe. Anayandikira, natambasula chala n'kuyamba kutsata zilembo zija chimodzichimodzi mpaka pa chopendekekacho.

"Dzanja lake lomwe," anatero. "Chimwana chosamva ichi. Kuyambira chili chaching'ono chinali chomwechi."

Misozi inatsika, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje mwaukali, natembenuka.

"Musaganize kuti zatha, alamu. Mlandu suola."

"Ndili pompano, alamu. Sindisamuka."

A Dominiko anatola kandalama kaja n'kukabweza m'thumba, kambaleko n'kuponya m'saka. Amayi aja analonga katundu yense osasiya ngakhale chikombe. Potsanzikana, a Dominiko anagwira dzanja la a Feston nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mukadali mkamwini wathu. Kukagwa zovuta kumudzi, uthenga uzikupezani."

"Uzindipeza. Ndizibwera."

Albert anavula jekete, naikoleka paphewa. "Mwadzipha nokha, achimwene," anatero, ndipo anatuluka pageti osatsanzika. Aneba anakumbukira zochapa zawo.

Dzuwa linali paliwombo pamene a Feston anatsala okha. Analowa m'nyumba, mapazi awo n'kumamveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Misomali ya pakhoma inali yopanda kanthu. Anatulukanso, nakhala pansi pafupi ndi mgolo, nagunditsa waya. Mutu unazungulira ulendo wathunthu, timatayala ta sutikesi tikulira pang'ono, mpaka maso analozanso pakhomo.

"Watembenukatu, Salo," anatero. "Wauona? Ngati m'filimu muja. Bwera udzatenge beseni lako."

Anadikira. Kumsewu makondakitala ankaitanira Limbe, Limbe. Pamenepo ndi pamene a Feston analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, kumene sanalire ngakhale kumanda, ndipo sanasamale kuti kuseri kwa mpanda akumva.

Atatha anapukuta nkhope ndi malaya. Anatola chitini chakutha cha mkaka ndi sizasi yodulira malata, nakokera chidutswa cha njanji pakati pa miyendo, n'kuyamba kukhoma kapu, poti m'nyumbamo munalibe chomwera madzi.